Moyo wa tsiku ndi tsiku pa sitima ya ulendo wautali wa panyanja yamchere: mafunso ndi mayankho

Munthu akanena kuti akukwera sitima ya panyanja yamchere kwa masabata kapena miyezi, anzake amayamba kumufunsa za maiko amene akawaone. Koma mvetserani akabwerako. Nkhani zake zambiri sizikhala za madoko. Zimakhala za agogo aja amene ankadya nawo tebulo limodzi, za mnyamata amene ankamukonzera chipinda, za mkangano umene unabuka kochapira zovala. Masiku ambiri a ulendo wotere amathera pakati pa madzi, kopanda mtunda woti n'kuuona, ndipo sitimayo imasanduka mudzi. Mayankho ali m'munsimu akunena za mudzi umenewo. Zitsanzo zambiri ndazitenga pa Queen Mary 2, sitima ya kampani ya Cunard imene imawoloka nyanja ya Atlantic pakati pa Southampton ku Britain ndi New York ku America.

Kodi ulendo wautali umatalika bwanji?

Zimasiyana kwambiri. Kuwoloka Atlantic pa Queen Mary 2 nthawi zambiri kumatenga mausiku 7, ndipo pakati pake palibe doko ngakhale limodzi. Maulendo ozungulira dziko lonse nthawi zambiri amayamba mu Januwale ndipo amapitirira masiku 100. Mwambo umenewu ndi wakale: mu Novembala 1922 sitima ya Laconia inanyamuka ku New York pa ulendo wotero, n'kubwerera chaka chotsatira. Sitima ya Serenade of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean inachoka ku Miami mu Disembala 2023 pa ulendo wa mausiku 274. Si onse amene amakwera ulendo wonse. Ambiri amagula chigawo chimodzi, mwina kuchokera ku Southampton mpaka ku Cape Town, kenako n'kubwerera pa ndege, motero pa doko lalikulu lililonse ena amatsika, ena atsopano n'kulowa.

Tsiku la pakati pa nyanja limayenda bwanji?

Madzulo aliwonse mumapeza pepala m'chipinda mwanu, lolemba zonse zimene zichitike mawa lake, ola ndi ola. Ambiri amaliwerenga ali pabedi, cholembera chili m'manja.

M'mamawa oyamba kudzuka ndi oyenda ndawala. Pa Queen Mary 2 pali khonde la matabwa lozungulira sitima yonse pa nsanjika ya nambala 7, ndipo mukalizungulira katatu mwayenda mtunda wopitirira pang'ono mailosi imodzi. Nkhope zimene mumakumana nazo pamenepo ndi zomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo pofika tsiku lachitatu mumayamba kugwedezerana mutu. Mukatha kadzutsa pamakhala nkhani zokambidwa ndi akatswiri a mbiri, sayansi kapena ndale, maphunziro a kuvina, kujambula ndi utoto, masewera a makadi otchedwa bridge, ndi kwaya ya apaulendo imene imaphunzira nyimbo zoti idzaimbe ulendo ukamatha. Sitimayi ilinso ndi nyumba ya mabuku yokhala ndi mabuku masauzande angapo, komanso holo imene denga lake limaonetsa nyenyezi ndi mapulaneti.

Ikakwana 12 koloko masana lipenga la sitima limalira, ndipo kaputeni amalankhula pa zimkuzamawu. Amanena pamene sitima ili, mtunda umene yayenda kuchokera dzulo, kuya kwa madzi, ndi nyengo imene ikubwera. Anthu amasiya kutafuna kuti amve. Limodzi mwa malipenga amenewa linachokera pa Queen Mary yoyamba ya 1936. Cha m'ma 3:30 masana kumakhala tiyi mu holo yovinira yotchedwa Queens Room, woperekedwa ndi operekera zakudya ovala magolovesi oyera. Kenako kusamba, kuvala, mgonero, zisudzo kapena nyimbo, ndi kuvina mpaka usiku.

Kodi munthu satopa ndi kuona madzi okhaokha?

Amene amatopa msanga ndi amene amafuna kupezeka pa chilichonse cholembedwa pa pepala lija. Pofika sabata yachiwiri amakhala atafooka ngati wakhala pa ganyu. Ine ndimalangiza kusankha zinthu ziwiri pa tsiku, chimodzi cha m'mawa china cha masana, n'kumapitako mosadumphitsa. Ubwenzi umayambira pamenepo, chifukwa anthu amazolowerana akamakumana pamalo amodzi nthawi imodzimodzi. Nthawi yotsalayo isiyireni nyanja. Siikhala chimodzimodzi masiku awiri: lero yagona ngati mphasa, mawa yachita thovu loyera mpaka kumene maso alekezera, ndipo kumalo otentha mumaona tinsomba touluka tikuthawa kutsogolo kwa sitima.

Ndidzadya ndi ndani?

Funso ili ndi lalikulu kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa tebulo la mgonero ndilo banja lanu pa ulendo wonse. Pa sitima za Cunard malo odyera amatsatira chipinda chimene mwalipira. Ambiri amadyera ku Britannia Restaurant, pamene a zipinda zodula amadyera ku Princess Grill kapena ku Queens Grill. Ku Britannia mukhoza kupempha nthawi yokhazikika, ya kumadzulo cha m'ma 6 koloko kapena ya usiku cha m'ma 8:30, ndi kukula kwa tebulo: la anthu 2, 4, 6 kapena 8.

Ngati mukufuna kucheza, pemphani la anthu 6 kapena 8. Tebulo la anthu 4 ndi loopsa pang'ono, pakuti mukapanda kugwirizana ndi banja linalo mulibe kothawira, ndipo madzulo aliwonse mudzakhala mukusaka chonena. Pa tebulo lalikulu mmodzi akakhala wolongolola ena amamuchepetsa mphamvu, wina akakhala wamanyazi amapeza womukokera m'nkhani. Anthu odziwa amasinthanso mipando usiku uliwonse kuti asamangokhala pafupi ndi munthu yemweyo.

Zikakanika, pitani kwa mkulu woyang'anira malo odyerawo mawa lake m'mawa, mupemphe tebulo lina. Ndi ntchito imene amaigwira tsiku lililonse ndipo safuna kuti mufotokoze zambiri. Chitani zimenezi masiku oyambirira, osati patatha mwezi, pamene kuchoka kwanu kudzakhala ngati kusudzula.

Nkhani za pa tebulo zili ndi malire ake. Mudzakhala ndi anthu a ku Britain, America, Germany, Australia ndi kwina, ambiri a iwo achikulire opuma pa ntchito, ndipo ndale za kwawo zimawatenthetsa mitima monga zakwathu zimatichitira ife. Kufunsana kuti chipinda mwalipira zingati nakonso kumadanitsa, chifukwa anthu awiri a zipinda zofanana amatha kukhala atalipira mitengo yosiyana kwambiri. Funso limene silikhumudwitsa munthu ndi lakuti lero mwachita chiyani. Ngati simukufuna kucheza usiku umenewo, pali malo odzigawira nokha chakudya otchedwa Kings Court, kapena mukhoza kuitanitsa kuchipinda. Koma auzeni anzanu a pa tebulo, kuopa kuti angamakudikireni.

Ndikuyenda ndekha. Kodi sindidzasungulumwa?

Oyenda okha amakhala ambiri, makamaka amayi amasiye ndi abambo amene akazi awo anatsogola. Sitima zambiri zimawakonzera kukumana kwa khofi m'mawa, ndipo ndi bwino kupitako tsiku loyamba pamene aliyense akadali mlendo. Mpikisano wa mafunso, umene pa Queen Mary 2 umachitikira m'bala yotchedwa Golden Lion, ndi khomo lina labwino: magulu amafuna anthu okwanira, ndipo mukangofunsa kuti pali malo, mwalowa. Munthu wodziwa za Africa amakhala wamtengo wapatali pa gulu lotere.

Cunard imakhalanso ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuvina ndi apaulendo opanda mnzawo wovina naye. Malamulo awo ndi okhwima: amavina ndi aliyense mosakondera, ndipo zimathera pa bwalo lovinira pomwepo. Ine ndimauona mwambo umenewu ngati chifundo chenicheni. Mayi wa zaka 80 amene anavina ndi mwamuna wake moyo wonse amapezanso mpata woimirira nyimbo ikayamba.

Choti mudziwe ndi chakuti woyenda yekha amalipira zambiri, chifukwa mtengo wa chipinda umawerengedwa pa anthu awiri. Zipinda za munthu mmodzi zilipo koma ndi zochepa ndipo zimatha msanga.

Kodi ndiyenera kutenga zovala zapamwamba?

Zimadalira kampani. Zina zinasiya kale za masuti. Cunard ikadali nazo: ikakwana 6 koloko madzulo makabudula saloledwa m'malo ambiri, ndipo pa ulendo wa sabata imodzi pamakhala mausiku angapo a chikondwerero pamene abambo amavala suti yakuda ndi tayi, amayi madiresi aatali. Zovala za chikhalidwe cha kwanu zimalandiridwa pa mausiku amenewa. A ku Scotland amavala masiketi awo, a ku Japan makimono, ndipo chilundu chosokedwa bwino ndi duku lake chimaima bwinobwino pakati pawo. Mudzapeza kuti chimakuyambitsirani macheza ambiri kuposa diresi lililonse logula m'sitolo. Musaiwale juzi ndi jekete yotchinga mphepo, poti Atlantic ya kumpoto imazizira ngakhale mu Julayi.

Kodi pamakhala mikangano ndi miseche?

Ikani anthu oposa 2,500 pamalo amodzi kwa miyezi itatu, mudzaona. Mikangano yambiri ndi ya tinthu tating'ono: wina wasungira anzake mipando ndi mathaulo kuyambira m'mawa, wina wayang'ana yankho pa foni pa mpikisano wa mafunso, wina watulutsa zovala za mnzake m'makina ochapira zisanaume. Zipinda zochapira zovala, zimene pa sitima za Cunard ndi zaulere, ndizo chitsime cha mudziwu. Kumeneko ndi kumene mudzamve kuti doko lakutilakuti mwina sitiimako, kuti banja lakutilakuti silikulankhulana, ndipo theka la nkhanizo ndi zabodza.

Pamakhalanso kagawanikana pakati pa okwera ulendo wonse ndi okwera chigawo. Oyambawo amakhala ndi magulu awo okhazikika, ndipo ena amadziona ngati eni mudzi. Ngati ndinu wa ulendo wonse, kumbukirani kuti obwera kumenewo ndi amene amabweretsa nkhani zatsopano pamene zanu zonse zatha kukambidwa. Ndipo samalani pakamwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Pa sitima mlomowo mumaupeza tsiku lomwelo, mu chikepe kapena pa mzere wa chakudya, chifukwa palibe kumene munthu angapite kuti musamuonenso.

N'zoona kuti masiku ena amatalika kapena kusowa kumene?

Inde. London ili patsogolo pa New York ndi maola 5, choncho sitima ikamapita kumadzulo wotchi imabwezedwa ola limodzi pa masiku 5 mwa masiku 7 aja, ndipo tsiku limakhala la maola 25. Pobwerera limakhala la maola 23, ndipo anthu amayamba kuwodzera pa tiyi. Pa nyanja ya Pacific pali mzere umene deti limasinthira. Mukauwoloka kuchokera ku America kulowera ku New Zealand kapena ku Asia, tsiku lathunthu limadumphidwa: mumagona Lolemba n'kudzuka Lachitatu. Amene amamwa mankhwala pa nthawi yake, monga a shuga, akambirane ndi dokotala asananyamuke.

Kuwoloka mzere wa Equator kuli ndi mwambo wake wa amalinyero. Mmodzi wa ogwira ntchito amavala ngati Neptune, mfumu ya nyanja ya m'nthano za Aroma, ndipo amene akuwoloka koyamba amazengedwa mlandu wa masewera, kupsompsona nsomba, kupakidwa zakudya zotsala n'kuponyedwa mu dziwe losambira. Palibe wokakamizidwa. Ongoonerera nawonso amalandira satifiketi pa sitima zambiri.

Nanga ndikadwala, kapena nyanja ikandizunguza mutu?

Sitima zazikulu zili ndi zipsepse zachitsulo m'mbali, pansi pa madzi, zochepetsa kugwedezeka. Queen Mary 2 ili nazo 4, ndipo ndi yaitali mamita 345, yomangidwa dala kuti izilimbana ndi mafunde a Atlantic. Komabe ngati mumachita mseru m'galimoto, sankhani chipinda cha pakati pa sitima, nsanjika ya m'munsi. Mseru ukayamba tulukani panja muyang'ane kumene madzi akumana ndi thambo, idyani pang'ono zouma, ndipo jinja amathandiza ena. Ambiri thupi limazolowera pakatha masiku awiri kapena atatu.

Chipatala chilipo, ndi madokotala ndi anamwino, koma ndi cholipira ndipo si chotchipa. Inshuwalansi ya ulendo yolipira ngakhale kukutengani pa ndege ikufunika ndithu. Mankhwala anu tengani okwanira ulendo wonse ndi ena apadera. Amayi oyembekezera saloledwa pa sitima zambiri mimba ikafika masabata 24.

Matenda amene amavuta kwambiri ndi otsegula m'mimba ndi kusanza, oyambitsidwa ndi kachilombo ka norovirus. Mankhwala opaka m'manja aja sakagonjetsa bwino kachilomboka. Sopo ndi madzi ndiye zenizeni. Mukadwala nenani msanga ndipo khalani m'chipinda monga akuuzirani. Kubisa kuti musaphonye doko ndi kulakwira mudzi wonse. Zimene zinachitika pa sitima ya Diamond Princess ku Yokohama, ku Japan, mu Febuluwale 2020, pamene anthu oposa 700 anatenga Covid-19, zinaonetsa mmene matenda amathamangira pamalo otsekeka chotere.

Kodi maphunziro a ngozi a tsiku loyamba ndi okakamiza?

Inde, kwa aliyense, ngakhale amene wakwera kakhumi. Malamulo a chitetezo cha panyanja otchedwa SOLAS anayamba mu 1914 chifukwa cha kumira kwa Titanic mu 1912, ndipo anakhwimitsidwa sitima ya Costa Concordia itagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy mu Januwale 2012 n'kupha anthu 32. Tsopano maphunzirowa amachitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Chizindikiro cha ngozi ndi kulira kwa lipenga kafupikafupi ka 7 kenako kamodzi kotalika. Dziwani malo anu osonkhanira ndi njira ya masitepe yopitira kumeneko.

Ogwira ntchito ndi ndani, ndipo ndikhale nawo bwanji?

Pa Queen Mary 2 ogwira ntchito amapitirira 1,200, pafupifupi mmodzi pa apaulendo awiri alionse. Ambiri pa sitima zotere amachokera ku Philippines, India ndi Indonesia, ndipo mudzakumananso ndi a ku South Africa, Zimbabwe ndi Mauritius. Amagwira ntchito miyezi 6 mpaka 9 osapuma tsiku lathunthu, amagona awiriawiri m'tizipinda ta m'munsi, ndipo ndalama zawo zambiri zimapita kwawo kukalipira sukulu ndi kumanga nyumba. Pangano la maiko la 2006 lonena za ntchito za panyanja limati apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa sabata. Werengani nokha maola otsalawo.

Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni kapena ku UK akudziwa moyo umenewu. Munthu amene akukuyalirani bedi mwina mwana wake wayamba kuyenda iye kulibe. Mudziweni dzina, mupatseni moni musanapemphe kanthu, ndipo musamusungire nthawi ndi macheza pamene ali ndi zipinda zina zomudikira. Kampani zambiri zimawonjezera ndalama yothokoza pa bilu yanu tsiku lililonse. Ena amapita kukaichotsetsa, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko ndi kudya thukuta la mnzako. Chinanso chimene chimawathandiza ndi kulemba dzina lawo pa pepala la ndemanga, poti kukwezedwa pa ntchito kumayang'ananso pamenepo. Dziwaninso kuti saloledwa kukhala pa chibwenzi ndi apaulendo kapena kukulowetsani kumalo awo, ndipo amene angachotsedwe ntchito ndi iwo, osati inu.

Ndalama ndi intaneti zimayenda bwanji?

Simugwira ndalama m'manja. Mumapatsidwa khadi limene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotulukira ndi kulowera pa doko, komanso chikwama chanu. Chakudya cha m'malo odyera akuluakulu ndi zisangalalo zili kale mu mtengo wa tikiti, koma mowa, zakumwa zina, zithunzi, kukonzetsa tsitsi ndi maulendo a kumtunda ndi zapadera. Pa Cunard zonse zimawerengedwa mu madola a ku America. Yang'anani bilu yanu sabata iliyonse, chifukwa kusainira kokha sikupweteka mpaka tsiku lomaliza.

Intaneti imadzera pa setilaiti, ndipo yakhala yachangu chiyambire pamene kampani zambiri zinayamba kugwiritsa ntchito Starlink. Ndi yolipira. Foni yanu itsekeni kuti isalumikizane ndi netiweki ya pa sitima, imene mitengo yake ndi yoopsa, ndipo WhatsApp muziigwiritsa ntchito pa Wi-Fi.

Kodi mapemphero amakhalapo?

Pa sitima za Cunard, Lamulungu likapezeka pakati pa nyanja, kaputeni kapena wachiwiri wake amatsogolera mapemphero a mipingo yonse pamodzi. Kampani zina zimatenga wansembe pa maulendo aatali, ndipo apaulendo eni amayambitsa timagulu towerenga Baibulo. Amene akulimbana ndi uchidakwa apeza pa pepala lija msonkhano wolembedwa kuti Friends of Bill W., dzina limene a Alcoholics Anonymous amagwiritsa ntchito kuti anthu asachite manyazi.

Munthu wochokera kwathu kuno angayambire pati?

Amene anakwerapo Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, akudziwa kale kanthu kena: mmene alendo amasandukira anansi pofika ku Likoma. Koma nyanja yamchere ndi ina, ndipo ndi nzeru kuilawa kaye. Kampani ya MSC imayendetsa maulendo a mausiku ochepa m'nyengo yotentha kuchokera ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique. Kuyambira 2024 sitima zambiri zozungulira dziko zakhala zikupewa nyanja ya Red Sea chifukwa cha ziwembu za kumeneko n'kumadzera ku Cape Town, choncho zigawo zoyambira kapena kuthera kumeneko zachuluka.

Nkhani yovuta ndi ya maviza. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Britain ndi ya America kuti awoloke Atlantic, ndipo pa ulendo wa maiko ambiri angafunike viza ngakhale ya doko limene sakufuna kutsikako. Safunsa anadya phula: funsani kampaniyo ndi maofesi a kazembe miyezi ingapo pasadakhale, ndipo yankho likhale lolembedwa. Nsima simudzaipeza pa mndandanda wa zakudya. Mpunga, nsomba, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimapezeka tsiku lililonse.

Tsiku lomaliza limakhala bwanji?

Limayamba usiku wa dzulo lake. Masutikesi amaikidwa panja pa chitseko musanagone, choncho patulani zovala za mawa ndi mankhwala anu. Pa mgonero womaliza anthu amalemberana manambala ndi ma adiresi, amajambulitsa ndi owaperekera zakudya, ndipo ena amalira osabisa. Ena mwa maubwenzi amenewa amathera pa doko, ena amakhala zaka, anthu n'kumapangana kukweranso limodzi.

Ngati mukulowa mu New York, tcherani alamu. Queen Mary 2 imafika kusanache, ndipo anthu amadzaza nsanjika ya pamwamba atafunda majekete pa zovala zogonera, makapu a khofi ali m'manja, kuti aone chumuni cha sitima chikudutsa pansi pa mlatho wa Verrazzano-Narrows, patangotsala mamita ochepa kuti chikhudze. Kenako chiboliboli cha Statue of Liberty chimaonekera kumanzere, sitima n'kukhotera ku Red Hook ku Brooklyn. Mukatsika, musadabwe ngati pansi pakhala ngati pakuyendabe kwa tsiku limodzi kapena awiri.